Funsani Anti: Rhine, Nile, kapena Chobe yathu yomweyi?

Mwezi wathawu ndinangotchulako pang'ono chabe kuti nthawi imene ndinkagulitsa maulendo mu Cairo Road ndinakwerako maboti a pamtsinje aja okhala ngati hotela yoyandama, kugona momwemo kudya momwemo, ndiye foni yanga sinapume, mafunso mbwee pa WhatsApp mpaka usiku. Ofanana ndawaphatikiza, maina ndachotsa monga mwa nthawi zonse. Amene munafunsa ngati mungakwere ndi K5,000, pepani, maboti amenewa mtengo wake ndi wa madola, ku Europe mlungu umodzi umayambira cha m'ma 3,000 munthu mmodzi ndege pambali. Koma werenganibe, za Siavonga zili m'munsimu.

FUNSO: Anti, ine ndine nesi ndimagwira ntchito ku Leeds koma kwathu ndi ku Chelstone. Chaka chamawa makolo anga akwanitsa zaka 40 ali pabanja ndiye ndikufuna kuwachitira chinthu chachikulu. Ndaona Rhine ndi Danube mitengo ikufanana. Atate ali ndi zaka 71 bondo limawavuta, amai ndi a kwaya ku RCZ. Ndisankhe uti?

YANKHO: Mwana wanga wachita bwino, ena amakumbukira makolo tsiku logula bokosi. Koma tiyambe ndi bondo la atate tisanafike pa mitsinje, chifukwa pa zithunzi za makampani umangoona anthu ali phee pamwamba pa boti atagwira tambula ya vinyo, sakuonetsa kuti m'mawa uliwonse mukangomwa tiyi mumatsika n'kuyenda wapansi maola awiri m'matauni akale amene misewu yake ndi ya miyala yondanda ngati njere za chimanga pa chitsononkho, mvula ikangowaza imaterera.

Rhine nthawi zambiri ndi kuchokera ku Amsterdam mpaka Basel, kugona masiku 7, mayiko anayi, Netherlands, Germany, France ndi Switzerland. Ku Cologne kuli tchalitchi chimene anayamba kumanga mu 1248 n'kudzamaliza mu 1880, ndiye amai akabwerera ku Chelstone asakadandaulenso kuti komiti ya zomangamanga ikuchedwa. Nsanja yake ndi mamita 157, masitepe 533, atate asayese n'komwe. Chokoma cha Rhine kwa munthu wa bondo ndi tsiku limene boti limadutsa pakati pa Koblenz ndi Rüdesheim, makilomita 65 phiri uku phiri uku, minda ya mpesa yopachikika m'mapiri ndi nyumba zamalinga za mafumu akale pafupifupi 40, iwe wangokhala pampando bulangeti pamiyendo zinthu zikubwera zokha. Koma ndikuuze zoona, kupatula pamenepo Rhine ndi mtsinje wa ntchito, mafakitale, maboti a malasha ndi makontena, pena umangoona ngati uli mu Kafue Road ya pamadzi.

Danube ya mlungu umodzi imayambira cha ku Passau ku Germany n'kukathera ku Budapest, kudutsa Austria ndi Slovakia. Mizinda ikuluikulu itatu pa ulendo umodzi, Vienna, Bratislava ndi Budapest. Ku Passau mitsinje itatu imakumana ndipo mu tchalitchi chachikulu muli limba la mapaipi opitirira 17,000, ku Vienna madzulo amakutengani kukamvera nyimbo, kenako chigwa cha Wachau ndi nyumba ya ansembe ya ku Melk ili chilili paphiri yachikasu. Ine wanga mtima uli pa Danube kwa makolo akowa, chifukwa cha amai a kwayawo, komanso sankha wopita cholowera ku Budapest kuti chokoma chikhale kumapeto, nyumba ya malamulo ija usiku magetsi ali waliwali pamadzi ngakhale atate osalankhulalankhula adzanena kanthu.

Manje za bondo. Funsa kampani zinthu izi usanalipire. Kodi pali gulu la oyenda pang'onopang'ono? Ambiri ali nalo. Kodi lifiti imafika pati? Pa maboti ambiri siifika padenga pamene pali mipando yoonera, ndi masitepe basi, chifukwa zonse za padenga mpaka kanyumba ka woyendetsa zimafunika kutsitsidwa podutsa pansi pa milatho yaifupi. Atengere chipinda cha pakati pafupi ndi chodyeramo. Zipinda zotchipa zili pansi penipeni, windo lake laling'ono losatseguka lili pamwamba pa madzi pang'ono, umangoona mimba za abakha. Ndipo mawu akuti French balcony asakunamize, si khonde lokhalapo ayi, ndi chitseko chagalasi chotseguka ndi kachitsulo kotchinga basi. Dokotala m'maboti amenewa nthawi zambiri mulibe, akadwala amaitana wa kumtunda, ndiye mankhwala a BP akhale m'chikwama cha m'manja.

China chimene sakuuzani, m'madoko odzadza maboti amamangirizana awiri atatu mbali ndi mbali, kuti mufike kumtunda mumadutsa m'kati mwa maboti a eni, pena kukwera masitepe mpaka padenga n'kutsikanso. Ine tsiku lina m'mawa ndatsegula katani ndili chimangire chitenje pachifuwa ndikuti ndione mtsinje, ndinangoona mdala wachizungu ali ndi thovu kumaso akumeta ndevu, pafupi moti ndikanatha kumupatsa thaulo. Tinangogwedezerana mitu n'kutseka makatani.

Nyengo nayo usaiwale. Madzi akachuluka boti silikwana pansi pa milatho, akachepa limakhudza pansi. Mu 2018 kunali chilala ku Europe, ine ndinalipo, kampani ina imene sinditchula inatisandutsa anthu a basi masiku atatu, kulongedza masutikesi kusintha boti, mai wina wachikulire analira. Mu 2022 zinachitikanso. Palibe mwezi umene ndingakulonjeze, koma Meyi ndi Juni ndi yabwinoko, dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku. Za misika ya Khirisimasi mu Disembala zisiye, ndi zokongola koma 4 koloko kwayamba kuda ndipo anthu amene amalira ndi kuzizira kwa Juni wa mu Lusaka sangasangalale.

Chomaliza, viza. Ya ku UK siigwira ntchito kumeneko, akufunika ya Schengen, viza imodzi yolowera mayiko ambiri a ku Europe, nawenso ngati ukadali pa pasipoti ya Zambia. Ndi mayuro 90 munthu wamkulu, inshuwalansi ya kuchipatala yosachepera mayuro 30,000, ndipo mumapempha ku dziko limene mukakhaleko masiku ambiri. Amalola kupempha kudakali miyezi 6, ndiye usadikire. Funsanso kampani kuti viza ikakanidwa amabweza zingati, akuyankhe polemba osati pa foni. Ndipo afike tsiku limodzi boti lisananyamuke, kusintha ndege ku Addis Ababa, Nairobi, Dubai kapena Doha sikuchedwa kusiya sutikesi m'mbuyo.

FUNSO: Anti, ndife azimai 8 a chilimba ku Kabwata, tasonkha zaka zitatu. Tikufuna Nile mu Ogasiti ana akatsekera sukulu, tikaone kumene Mose anamupeza m'bango ndi malo ena a m'Baibulo. Taona boti la nyenyezi zisanu lotchipa pa Facebook.

YANKHO: Azimai anzanga, choyamba ndikuombereni m'manja, chilimba kufika zaka zitatu popanda wothawa ndi ndalama si masewera. Koma pa zinthu zitatu mwanenazi, Ogasiti, Baibulo ndi Facebook, ndikutsutsani pa zonse.

Ogasiti ku Luxor ndi Aswan kutentha kumapitirira madigiri 40 pafupifupi tsiku lililonse, tengani Okutobala wa ku Chirundu muwonjezerepo, ndiye mulibe mtengo wa mthunzi m'malo mukupitamo, ndi miyala ndi mchenga zokhazokha. N'chifukwa chake mtengo watsika. Nyengo yabwino ndi kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Epulo, Disembala ndiye yodula kwambiri, ine ndikanati Novembala kapena Febuluwale. Ana asiyireni azibambo awo mlungu umodzi, sadzafa.

Za Baibulo. Maboti ambiri amayenda pakati pa Luxor ndi Aswan, makilomita 200 ndi kanthu, kugona masiku 4 mukamakwera kuchokera ku Luxor kapena 3 mukamatsika kuchokera ku Aswan. Kumeneko ndi kumwera. Dziko la Goseni kumene Aisiraeli ankakhala lili kumpoto kwenikweni kumene mtsinje umagawikana usanathire m'nyanja, phiri la Sinai lili kwinanso kutali. Chimene mukaone pa boti ndi akachisi a milungu ya Afarao ndi manda awo, Karnak ndi zipilala zake zoti anthu angapo agwirane manja kuti azungulire chimodzi, Chigwa cha Mafumu kumene Howard Carter anapeza manda a Tutankhamun mu 1922, kachisi wa ku Edfu, wa ku Kom Ombo wa mulungu wa mutu wa ng'ona kumene mpaka lero asunga ng'ona zoumika, ndi Philae pa chilumba. N'zodabwitsa zedi, utoto wa m'manda muja ukadali wowala ngati apaka dzulo, koma ngati pagulu panu pali mai woti akaona fano amayamba kudzudzula mizimu, muuzeni kudakali kuno. Mukafuna za Chikhristu onjezani masiku awiri ku Cairo, ku dera lakale la Akhristu a Coptic kuli tchalitchi cha Abu Serga chimene mwambo wawo umati Yosefe, Mariya ndi Mwana anabisalapo, mapiramidi nawonso ali komweko ku Giza, pa boti simuwaona ayi.

Abu Simbel ndi ulendo wapadera wolipira padera, makilomita pafupifupi 280 kumwera kwa Aswan, kudzuka m'ma 4 koloko mbandakucha, maola opitirira atatu pa basi kupita kokha. Kachisi ameneyo anamudula zidutswazidutswa m'ma 1960 n'kumusamutsira pamwamba kuthawa madzi a damu la Aswan limene linatha mu 1970. Ife a Kariba nkhani ya madzi kumiza malo a anthu timaidziwa. Pitani, kutopa kwake n'koyenera.

Manje boti la pa Facebook lija. Pa Nile pali maboti mazanamazana ndipo pafupifupi lililonse limadzitcha la nyenyezi zisanu, chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Funsani dzina lenileni la boti, chaka chimene analikonzanso, muone zithunzi zojambula alendo osati za kampani. Akakuuzani kuti dzina mukalidziwa mukafika, bwezani chikwama kukhwapa. Koma poti muli 8, funsani za dahabiya, maboti a matanga a zipinda zochepa, anthu osapitirira 20, amaima pa tizilumba ndi m'midzi momwe akuluakulu aja sangaime, mphepo ikasowa kaboti ka injini kamawakoka. Ndi odulirapo koma gulu lanu likhoza kutenga theka la boti, kuimba makwaya anu usiku popanda wokuyang'anani.

Mukakwera lalikulu mudzaseka pa Esna, pamene maboti amaima pamzere kudikira chipata cha madzi. Anyamata amabwera pa timabwato n'kumaponya madilesi ndi nsalu za patebulo zili mu pulasitiki mpaka padenga, inu mukafuna mumaika ndalama mu pulasitiki momwemo n'kuponya pansi, kutsatsana malonda mokuwa. Azimai a ku Kabwata ozolowera Kamwala ndi Soweto sangakudyereni. Madzi imwani a m'botolo okha, sungani ndalama zing'onozing'ono za bakshish chifukwa aliyense wokutsegulirani chitseko amayembekeza kanthu, tengani zitenje zofunda mapewa, ndipo viza ya Egypt ndi yakeyake muyambe msanga.

FUNSO: Anti tikukwatirana mu Seputembala. Mwamuna wanga anamukanizapo viza ya Schengen ndiye sitikufuna kuyamba banja ndi kulira pa embasy. Hanimuni ya pa boti ingatheke popanda viza?

YANKHO: Ingatheke mng'ono wanga, ndipo azungu amawoloka nyanja maola khumi ndi kanthu kudzaona chimene iwe ungachipeze pa basi ya ku Intercity. Lusaka mpaka Livingstone ndi makilomita pafupifupi 480, kuchoka apo ola limodzi uli pa Kazungula, kuwoloka mlatho uja anatsegula mu Meyi 2021, uli ku Kasane ku Botswana. Pasipoti ya Zambia siifuna viza ku Botswana kapena ku Namibia.

Pa mtsinje wa Chobe pali boti lotchedwa Zambezi Queen, zipinda 14 anthu 28, ndi ena ang'onoang'ono a Chobe Princess. Uwu si ulendo wochoka tauni iyi kupita tauni iyo, boti limangoyendayenda pang'onopang'ono pa kachigawo kochepa ka mtsinje masiku awiri atatu, nkhani yake ndi nyama. Ndipo Seputembala mwasankha bwino mosadziwa, kutchire kumakhala kutauma ndiye zonse zimatsikira kumtsinje, njovu mazana madzulo kuwoloka madzi chitamba chili m'mwamba, ana ake ali pakati, njati, mvuu zikulira usiku pansi pa windo, nkhwazi yathu ya pa mbendera ili pa chitsa. Masana mumatsikira mu timaboti ting'onoting'ono kuyandikira gombe, kapena kuwedza tiger fish ngati bambowo amakonda.

Chenjezo langa ndi masitampa. Maboti amenewa amakhala mbali ya Namibia, ndiye utuluka Zambia, ulowa Botswana, utulukanso Botswana pa kaofesi ka m'mbali mwa mtsinje ku Kasane, kaboti kakutengere pa chilumba cha Impalila ukadinditse kulowa Namibia, pobwerera chimodzimodzi. Pasipoti ikhale ndi masamba opanda kanthu okwanira, ndipo pa Impalila pali kuyenda wapansi pang'ono padzuwa ndiye nsapato za gogoda za pa ukwati zikhale mu sutikesi. Mankhwala a udzudzu tenga.

Usaganize kuti poti ndi pafupi ndiye n'zotchipa, usiku umodzi pamenepo ukhoza kuposa wa pa Danube. Chimene mwapulumutsa ndi ndege ndi viza. Funsa ngati ali ndi mtengo wa anthu a m'mayiko a SADC, malo ambiri m'dera lino amakhala nawo koma satchula ukapanda kufunsa, safunsa anadya phula.

Ndalama zikachepa pambuyo pa kitchen party ndi ukwati, paja makomiti amalonjeza zambiri, pitani ku Siavonga, makilomita pafupifupi 200 chabe. Pa Kariba mumachita hayala boti lonse ndi woyendetsa ndi wophika, chakudya mumatha kubweretsa chanu, nsima ya bream yowedza nokha, usiku magetsi a asodzi a kapenta ali ngwee pamadzi ngati tauni. Inde ndi nyanja ya damu osati mtsinje weniweni, koma madzi ake ndi a Zambezi yomweyo. Osasambira olo kutenthe bwanji, ng'ona za kumeneko sizidziwa za hanimuni.

FUNSO: Tili ndi ana awiri, wa zaka 6 ndi wa zaka 9. Rhine ingawakomere?

YANKHO: Atate, a kampani ya maboti ya Viking salola aliyense wosakwana zaka 18, ndiye amenewo chotsani kale. Alipo ena okonzera mabanja, AmaWaterways amagwirizana ndi Adventures by Disney pa maulendo ena, Tauck ali ndi awo otchedwa Bridges, A-ROSA nawonso amalandira ana. Koma ine monga mai ndikuti dikirani wamng'onoyo afike 10 kapena 12. Boti ndi lopapatiza mamita 11 ndi theka, malo othamanga palibe, chakudya chamadzulo chimatenga maola awiri pakati pa agogo achizungu ofuna bata, inu mudzangokhalira "khala pansi iwe" mlungu wonse mutalipira madola.

FUNSO: Anti, ndine mphunzitsi wa history wopuma ntchito, ndimakhala ku Libala, mai a kunyumba anatisiya zaka ziwiri zapitazo. Penshoni yatuluka ndipo ndikufuna ulendo umodzi waukulu ndili ndekha. Ndikuganiza Seine chifukwa cha Normandy, kapena Mekong.

YANKHO: Aphunzitsi, pepani ndi za amai. Ndiyambe ndi chowawa, mitengo yonse mukuona pa intaneti ndi ya munthu mmodzi pa anthu awiri ogona chipinda chimodzi. Mukakhala nokha amakuwonjezerani, pena mpaka kulipira ngati muli awiri. Koma makampani ena amachotsa kapena kuchepetsa ndalama imeneyi pa masiku ena makamaka kumayambiriro ndi kumapeto kwa nyengo, ndiye yambani ndi kufunsa kuti ndi masiku ati, kenako musankhe. Za kusungulumwa musade nkhawa, anthu amakhala 100 ndi kanthu, matebulo alibe mwini, pofika tsiku lachitatu aliyense adzakhala akukudziwani, nanga munthu wakuda wa ku Zambia adzakhala ndani wina.

Seine ndi yabwino, Paris, Rouen kumene anawotchera Joan of Arc mu 1431, munda wa Monet ku Giverny, ndi tsiku lathunthu pa basi kupita ku magombe a ku Normandy kumene asilikali anafikira pa 6 Juni 1944 pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Koma inu mukudziwa kuposa ine kuti asilikali athu sanamenye kumeneko, anali ku East Africa ndi ku Burma, n'chifukwa chake tili ndi Burma Road ndi Arakan Barracks pafupi ndi kwanu komweko. Mekong ndi Vietnam ndi Cambodia, Angkor Wat ya m'zaka za m'ma 1100, Phnom Penh ndi malo amene a Khmer Rouge anapherako anthu pakati pa 1975 ndi 1979, mudzatuluka mutu uli wolemera. Kumatentha kwa chinyontho, ndi kukwera n'kutsika timaboti tsiku lonse, ndipo madzi akachepa chigawo chopita ku Siem Reap mumachiyenda pa basi maola angapo.

Ine ndikupatsani wachitatu umene simunautchule, Danube ya kumunsi, kuchokera ku Budapest kutsika mpaka Romania. Alendo ndi ochepa, matauni ake si okongoletsedwa ngati keke, koma kwa munthu wa choko ndi bolodi ndi phwando. Vukovar ku Croatia kumene thanki ya madzi yobooledwa ndi mabomba mu 1991 anaisiya dala choncho. Mzinda wa Novi Sad ku Serbia. Iron Gates pamene mtsinje umapanikizika pakati pa mapiri, uku Serbia uku Romania. Ndiye Belgrade aphunzitsi, kumene msonkhano woyamba wa mayiko osatenga mbali unachitikira mu 1961, wachitatu wake ndi uja unachitika muno mu Lusaka mu Seputembala 1970, holo ya Mulungushi anamanga ndi anthu a ku Yugoslavia mothamanga miyezi yochepa chabe. Manda a Tito, mtsogoleri wa Yugoslavia, ali mu Belgrade momwemo ku House of Flowers, KK anapita kukalira maliro ake mu 1980. Mukaime pamenepo, zimene munkalemba pa bolodi zaka zonse zija muzione ndi maso.

Samalani viza, Serbia siili mu Schengen ndiye mumatuluka n'kulowanso, pemphani yolowa kangapo ndipo kampani ikulembereni zimene Serbia ikufuna pa pasipoti yanu. Malo ena ndi akutali ndi doko, basi ola limodzi awiri. Ndipo ku Romania funsani mămăligă, ndi ufa wa chimanga chachikasu wophika molimba, si nsima yeniyeni koma pambuyo pa masiku khumi a buledi ndi tchizi mudzaidya misozi ili m'maso.

FUNSO: Amuna anga kwawo ndi ku Katete cha ku Chanida, Chipwitikizi amachimva pang'ono ndipo vinyo amamukonda mopitirira. Akuti tipite Douro ku Portugal. Ine sindimwa. Ndikaboweka?

YANKHO: Achemwali, pang'ono inde. Douro ndi mtsinje wa vinyo kuyambira ku Porto mpaka kumalire a Spain, dera lake analiika malire mwalamulo kale mu 1756, ndipo pafupifupi tsiku lililonse pali kupita ku famu ya mpesa kukalawa. Mizinda ikuluikulu kulibe kupatula Porto ndi tsiku limodzi la basi kupita ku Salamanca. Koma kukongola kwake ine ndimauika pamwamba pa Rhine, mapiri osemedwa masitepe masitepe ngati mizere ya m'munda kuyambira pamadzi mpaka kumwamba, ndipo kumeneko maboti sayenda usiku ndiye palibe chimene chimakudutsani muli mtulo. Maboti ake ndi aafupi, anthu ochepa. Pa damu la Carrapatelo boti limalowa m'chipata chonga chitsime cha simenti, chitseko n'kutsekeka kumbuyo, madzi n'kulikweza mamita 35, khoma lonyowa la ndere lili pafupi moti ndinaligwira ndi chala, kuyang'ana kumwamba kuthambo kukuoneka kang'onong'ono.

Mabasi ake amayenda m'misewu yokhotakhota ya m'mapiri, ngati pa Manenekela pamakuzunguzani mutu tengani mankhwala. Julayi ndi Ogasiti kumatentha koopsa, Seputembala ndi nthawi yokolola mphesa. Pa ndalama yang'anani izi, makampani monga Scenic, Tauck ndi Uniworld amaphatikiza zakumwa ndi matipu mu mtengo, ena amangopereka vinyo ndi mowa pa chakudya. Kwa banja lanu phukusi la zonse m'kati ndiye kuti inu mukulipirira botolo la abambo, koma mwina ndi bwino choncho kusiyana ndi kuona bilu tsiku lotsika. Agwirizane nanu kuti pambuyo pake masiku awiri ku Lisbon ndi anu, iwo anyamule zikwama.

FUNSO: Anti ine madzi ndimawaopa, kusambira sindidziwa. Ndinakwerapo Ilala kupita ku Likoma kwa apongozi ndinasanza njira yonse. Ana akundikakamiza.

YANKHO: Amai, Ilala ndi nyanja ya Malawi ndi mwera wake, mtsinje ndi nkhani ina. Mafunde kulibe, tiyi satayika m'kapu, ndipo gombe mumaliona mbali zonse ziwiri nthawi zonse, pena pafupi moti mumamva galu akuuwa pakhomo pa munthu. Chimene chingakudzutseni usiku ndi kugunda pang'ono boti likamalowa m'zipata za madzi zija, pa ulendo wautali wa Amsterdam mpaka Budapest zilipo zopitirira 60, ndiye inu umenewo ayi, yambani ndi waufupi.

Sindikunamizani kuti ngozi kulibe. Mu Meyi 2019 ku Budapest kaboti kakang'ono koonetsa alendo mzinda kanagundidwa ndi boti lalikulu usiku kukugwa mvula, madzi atasefukira, anthu 28 anamwalira. Sizichitika kawirikawiri koma zinachitika. Tsiku loyamba akamafotokoza za majekete oyandamitsa mvetserani, muone pamene pali lanu, ndipo chipinda chapansi chija cha mimba za abakha chikaneni, mtima wanu sungagone madzi ali pa windo.

Koma ana asanataye madola, auzeni akutengereni ku Livingstone Loweruka lina mukakwere boti la madzulo lija la maola awiri kumtunda kwa mathithi. Mukhale pakati, chakumwa chozizira m'manja, muone mvuu. Mukatsika miyendo ili bwino mundilembere tisankhe mtsinje, ikakhala ikunjenjemera auzeni ndalamazo akuikireni sola panyumba.